Kamba wa a Hosea

A Hosea a ku Kakumbi anali sikauti, wotola misampha m'tchire. Owadziwa kale ankaseka chamumtima, poti mwini wake wa luso lotchera anali iwo omwewo.

Pa unyamata wawo ankapota waya wa mabuleki a njinga, mfundo yake yopinda kawiri, yawoyawo. "Nyama ndi ndiwo, ndiwo simva kuwawa," ankatero. Chaka china khwekhwe lotchera nswala linakola kamwana ka njovu pachitamba. Anakamva kakulira, analiyatsa liwiro, osauzako munthu.

Kenako anapeza ntchito yotsuka mbale pa loji ina ya alendo odzaona nyama ku Mfuwe. Wophika wa pamenepo, wachipembedzo cha Chibuda wa ku Sri Lanka, anawauza kuti choipa chochitidwa mu umbuli chimabala ndithu, ndipo chimatsata mwini wake. Dzina lake, akuti, ndi kamma. Makutu a Hosea, ozolowera Chikunda cha kwawo, anamva "kamba".

"Kamba angandipeze ine, bwana, ndi kayendedwe kake kaja?"

"Sathamanga, koma sasochera," anayankha wophikayo.

Patapita zaka makumi awiri, a Hosea ali mu yunifolomu ya usikauti, ku Kakumbi kunatulukira njovu yoduka chitamba. Nthambi zam'mwamba sinkazifikira, choncho inkadalira minda. Chodabwitsa, inkalambalala chimanga cha ena onse n'kukaima m'munda mwa a Edith, akazi awo, dzuwa lili paliwombo. Agalu sankauwa. Utsi wa tsabola sinkaulabadira. A Hosea anagwidwa mantha enieni. Anachonderera a Edith kuti ausiye mundawo, koma chifukwa chake sanachitchule.

"Tikausiya tidya chiyani, bambo a Winnie? Yunifolomu?"

Tsiku lina a Hosea akuchokera kolondera anadzera kumunda. Kunali zii, ngakhale njiwa osalira. A Edith anali chowerama akupalira, njovu itaima kumbuyo kwawo, mapazi asanu okha. Pachipsera cha chitamba panatuluka kansonga ka waya wadzimbiri, wolowerera m'mnofu, mfundo yake yopinda kawiri.

"Amake Winnie, musacheuke," ananong'ona a Hosea. "Si inu ikufuna."

Njovu inatukula mutu itamva mawuwo. Inawalambalala a Edith osaponda ngakhale phesi limodzi, n'kulunjika kwa a Hosea. Miyendo imene inawathawitsa kale ija inakana. Njovuyo sinathamange. Inkabwera pang'onopang'ono, mwa kayendedwe ka kamba.