Chiphaso cha agogo ndi ndowa ya chimanga

Kalongonda, nyemba zakwathu zija, akamabwata pamoto, fungo lake limandibweretsera agogo aamuna, a Mukhuna, atakhala pakhonde kwathu ku Chinakanaka, jasi lawo lapulasitiki likudontha madzi a chiperoni, zala zitada ndi masamba a tiyi amene adathyola kuesiteti mpaka msana udapindika ngati chigwiriro cha ambulera. Ankalankhula Chichewa chothira Chilomwe, ndipo ankaseka kamodzi pachaka, nandolo akachita bwino.

Chaka chimene ndikunenachi kwacha idagwa, ndipo idagwera ife. Dzina lachizungu la vutoli ndidakaliphunzira ku koleji, ndisanaitsanzike mwaulemu m'chaka chachiwiri, koma kumudzi tinkangoti njala. Kuesiteti adachepetsa antchito, agogo nkukhala m'gulu loyamba kuuzidwa kuti akapume. Kumsika wa boma wogulitsa chimanga anthu ankaika miyala pamzere kuti iwasungire malo, ndipo mwala wathu udadikira masiku atatu mokhulupirika osagula kanthu. Kunyumba tinkadya makaka, chinangwa chouma chija, kamodzi patsiku, mpaka m'mawa wina ndidakomoka kusukulu tikuimba nyimbo ya fuko.

Chisankho cha pulezidenti chinali chikubwera. Pawailesi wina ankati boma lake lidzatsitsa mtengo wa feteleza, wina ankati boma lichoke pamsika amalonda apikisane okha, amene ankalamulayo ankati vutoli lagwa dziko lonse lapansi, ngati kuti ife tinkadya dziko lonse lapansi. Agogo ankawamvetsera onse ndi nkhope ya kapitawo woyesa masamba pasikelo. Ankati moyo wawo wonse akhala akulembedwa ndi kuchotsedwa ntchito, koma pa zaka zisanu zilizonse pali tsiku limodzi limene olemba ndi ochotsa amakhala iwo. Chiphaso chawo chovotera chinkagona m'Baibulo.

Ndiye kudabwera bambo wina wa njinga yamoto, wotumidwa ndi anthu amene ankadziwa kuti mudzi wathu wakwiya ndipo ndi bwino usavote. Ankatolera ziphaso, ati akufuna akatilembetsere thandizo, ndipo wopereka ankalandira ndowa ya chimanga pomwepo. Aliyense ankadziwa kuti chiphasocho sichibwerera. Agogo adamubweza kawiri. Ulendo wachitatu adafika mawa lake la kukomoka kwanga. Agogo adandiyang'ana miyendo nthawi yaitali, adalowa m'nyumba, nkutuluka nacho.

"Tengani, bambo," adatero. "Koma ndowayo isefukire. Mukugula munthu wamkulu."

Chimangacho, posakaniza ndi makaka, chidatifikitsa ku maungu oyamba. Agogo adasiya kutsegula wailesi.

Tsiku lovota adavala jekete la kutchalitchi. Amayi anga atawafunsa kuti akukatani opanda chiphaso, adayankha kuti akukaima, poti kuima pamzere sadagulitse. Adaimadi padzuwa m'bwalo la sukulu yathu. Atafika kutsogolo adavula chipewa nkuyamba kuulula tchimo lonse kwa mtsikana wa patebulo, kuyambira pa njinga yamoto mpaka pa miyendo yanga. Mtsikanayo adangofunsa dzina, adatsegula kaundula, nkuloza kachithunzi.

"Si inu awa, agogo? Dzina lilimo. Pitani mukavote."

Adabwerera chala cha inki atachiimika ngati chathyoka, ndipo sadalunjike kunyumba. Adalowa khomo ndi khomo, kulikonse kumene ndowa ija idafika, kuuza anthu kuti maina awo akadali m'kaundula, ndipo pofika masana mzere udali utatalika ndi anthu opanda ziphaso, onse nkhope zili gwa ngati sadadyepo chimanga cha munthu. Amene adamuvotera sadatiuze. Mitengo nayo sidatsike msanga, ndinene zoona.

Lero ndimakonza mafoni pa Chitakale, ndipo kwacha ikadali ndi chizolowezi chake chija. Anzanga a pasiteji amati kuvota nkutaya tsiku la bizinesi, andale onse ndi amodzi. Sindiwatsutsa, poti mwina akunena zoona. Ndimangotseka kashopu nkukaima. Ine ndidadya voti ya nkhalamba ndili mwana, idandikhutitsa, nkundisiya wamoyo. Ufulu wochita ulesi tsiku limenelo ndilibe.