Zilembo Zimene Lyness Sanalembe

Lyness Mbewe anabadwira ku Kasanda, dera la mumzinda wa Kabwe ku Zambia, bambo ake atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi. Anataipa makalata zaka khumi ndi zinayi pakampani ina yogulitsa zitsulo za magalimoto mu Kabwe. Sankakonda kufufuta, choncho ankayamba waganiza asanagunde batani.

Mu 1987 kampaniyo inagula kompyuta imodzi yaikulu. Aliyense wotaipa anapatsidwa teminolo, sikirini ndi mabatani ake, yolumikizidwa ku kompyutayo ndi waya. Mvula ya Disembala itayamba, mphezi inaotcha ya Lyness, ndipo anamubweretsera ina ya mtundu wina.

Vuto linayamba m'mawa womwewo. Akadina batani la muvi kuti akwere mzere, m'kalatamo munkatuluka chilembo A. Akati atsike, B. Nthawi zina sikirini yonse inkadzaza tizizindikiro topanda mutu.

Mkulu wa ofesi, a Petson Sakala, anaima kumbuyo kwake. "Ba Lyness, mwina zala zazolowera taipi yakale. Bwanji mubwerere kumafaelo mpaka katswiri abwere kuchokera ku Lusaka?"

"Ndipatseni masiku awiri, Ba Sakala."

Mawuwo anamuwawa, koma anatenga kope. Ankadina batani limodzi, n'kulemba chimene chatuluka, n'kudinanso. Kenako anapempha mnzake Anastazia kuti ayesere pa teminolo yake. Kumeneko mivi inkayenda bwinobwino. Chimene chinamukhazika mtima n'chakuti cholakwikacho sichinkasintha. Zala zikaphonya, siziphonya mofanana kakhumi.

Buku la makinawo linali m'kabati, lisanatsegulidwepo. Analiwerenga pa nthawi yopuma masana, mpaka anapeza kuti batani la muvi limatumiza zizindikiro zingapo motsatizana. Choyamba sichioneka, chimangochenjeza kuti zotsatirazo ndi lamulo, osati mawu a m'kalata. Mtundu uliwonse wa teminolo uli ndi katumizidwe kake, ndipo kompyuta inkaganizabe kuti ikulankhula ndi yopsa ija.

Tsiku lachiwiri anapeza pamene kompyuta inkasunga dzina la mtundu wa teminolo yake. Anafufuta dzina lakale, n'kulemba la yatsopanoyo. Anadina muvi. Kachizindikiro kobiriwira kosonyeza polemba kanakwera mzere umodzi, kachetechete.

A Sakala sanapepese. Anangoyang'ana kope lija kwa kanthawi, n'kufunsa ngati angalitenge akalijambule.

Katswiri uja anafika patatha masabata atatu, anamwa tiyi, nabwerera. Lyness anapitiriza kukwera njinga kuchokera ku Kasanda, malipiro ali omwewo. Koma makina akavuta muofesi yonseyo, anthu anayamba kugogoda patebulo pake asanaimbe foni ku Lusaka.