Wening ndi Chipwitikizi cha Apongozi Ake

Mlongo wanga Fortunato ndi wouma mutu chibadwire, ndipo ndikunena izi ine amene ndamuphikira zaka makumi awiri chimwalirireni mkazi wake. Tsiku limene mwana wake Aderito anafika kuno ku Becora, mumzinda wa Dili, ndi mkazi wa ku Java, m'dziko la Indonesia, mtsikanayo anawerama kuti apsompsone dzanja la apongozi ake, monga amachitira mwana aliyense woleredwa bwino. Fortunato anabweza dzanjalo n'kulipisa m'thumba.

"Iwe Judite," anatero akuyang'ana ine, "umuuze kuti chilankhulo cha kwawo chisamveke pansi pa denga langa. Akafuna kulankhula nane, alankhule Chipwitikizi."

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Nthawi ya nkhondo asilikali a ku Indonesia anamutsekera zaka zitatu, ndipo mwana wake woyamba, Abilio, anamutenga m'mawa wina osabweranso. Sindikuchepetsa zimenezo. Abilio ndinamubereka kumsana ine ndemwe. Koma pamene zinkachitika, mtsikanayu n'kuti akadayamwa.

Dzina lake ndi Wening. Anabadwira ku Klaten, mwana wachinayi wa mayi wopanga tempe, soya wofufumitsa uja timakazinga. Atamaliza sekondale anapeza ntchito pasitolo ya fotokope pafupi ndi koleji ina ku Yogyakarta, ndipo Aderito ankapita kumeneko tsiku ndi tsiku ndi mapepala osafunika n'komwe kuwachulukitsa. Anakwatirana kutchalitchi komweko, ife tinangoona zithunzi pafoni. Aderito anamuuza za nyanja ya ku Dili, za mapiri, za khofi. Za bambo ake anangoti, "Ndi achete pang'ono." Amuna inu!

Chitetumu, chilankhulo chathu cha kuno, Wening anachigwira m'miyezi isanu ndi umodzi, pamsika wa Taibesi pomwe anayamba kugulitsa tempe wake. Ine ndi iye tinkacheza bwinobwino. Fortunato naye Chitetumu ankalankhula ndi aliyense, ndi galu yemwe, koma mpongozi wake akangotsegula pakamwa makutu ankagontha. Chipwitikizicho anachisankha dala. Iye anachiphunzira kwa ansembe kalekale ndipo anaphunzitsa nacho sukulu, pomwe mwana wake weniweni, amene sukulu yonse anaphunzira m'Chiindoneziya, sakanatha kugula nacho ngakhale mchere.

"Zisiye izi, Wening," ndinamva Aderito akunena tsiku lina kuseri kwa nyumba. "Mdala uja ngakhale utamuyimbira Chilatini sangasinthe. Tiye tikachite lendi ku Comoro."

"Ndisamuke ndisanamveko apongozi anga akundilankhula? Amayi akandifunsa pafoni ndiziti chiyani?"

"Uziti ali bwino."

"Ndi zomwe ndikunena kale, ndipo ndatopa nalo bodzalo. Iwe bwanji osabwera tikaphunzire limodzi?"

"Ine? Mutu wangawu unadzadza kale."

"Unadzadza mpira."

Motero Wening analembetsa maphunziro a Chipwitikizi kwa asisitere ku Balide, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu masana. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma ine ndinkaona mmene kung'animako kunkamudyera thupi. Ankadzuka tambala woyamba kuwiritsa soya, n'kukulunga m'masamba a nthochi, n'kukwera minibasi ndi dengu pamiyendo. Masana abwere, achape, aphike, kenako athamangire kusukulu. M'kalasimo munali apolisi ndi makalaliki otumizidwa ndi mabwana awo, ambiri ongodzagona. Naye tulo sitinkamusiya. Kawiri konse anapitirira ndi minibasi mpaka kumapeto kwa msewu, buku lili pankhope.

Chaka chachiwiri anabereka Lucinda, ndipo ndinati basi, sukulu yathera pompa. Ayi ndithu. Ankaloweza mawu mwana ali kubere. Nthawi zina ankandifunsa ine, koma Chipwitikizi changa ndi cha mapemphero ndi chotukwanira agalu, pakati pake palibe kanthu.

Chilankhulo chake chenicheni ankachilankhula m'khitchini mokha, chifukwa khitchini yathu ili payokha ndipo ili ndi denga lakelake. Ndinkamupeza akunong'oneza Lucinda tinyimbo ta kwawo, diso lili kukhomo ngati wakuba. Zinkandimvetsa chisoni, zinkandikwiyitsanso.

Atakwanitsa zaka ziwiri anayesa. Linali Lamulungu titabwera ku Misa. Anatengera apongozi ake khofi pakhonde, n'kunena ziganizo zitatu za Chipwitikizi zimene anakhala akuziyeseza sabata yonse: moni, khofi wanu uyu, mwendo uja ukupeza bwanji. Ngakhale ine ndinamva zonse. Fortunato anamwa khofiyo pang'onopang'ono, kenako anatembenukira kwa ine.

"Umuuze kuti sindinamve. Akulankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa."

"Achimwene, mulibe manyazi?" ndinakalipa. "Malaya mwavalawo wachapa ndani? Mdzukulu amene mumasewera nayeyo anagwa kumwamba?"

"Abilio ankachilankhula bwino kuposa ansembe," anatero, maso ali kumsewu.

Wening anatola kapu n'kupita.

Ndinakamupeza akutsuka soya, manja atatuwa ndi madzi.

"Azakhali, ndatopa," anatero osadzutsa mutu. "Ndikagona ndimalota mayeso. Kwathu ndinali munthu wanthabwala, mukudziwa? Anthu ankaseka ndikalankhula. Kuno ndili ngati mwana wa sitandade wani."

"Ndiye usiye, mwanawe. Palibe angakunene."

"Ndikasiya ndiye kuti zaka ziwirizi ndataya."

Lolemba lake anapitanso. Apolisi aja anasiya mmodzimmodzi, asisitere ophunzitsa anasinthidwa kawiri, iye ali pompo. Chaka chachinayi anakhoza mayeso akulu. Ankawerenga nyuzipepala ya Chipwitikizi osapunthwa, mpaka Aderito anayamba kumubweretsera makalata a kuntchito kuti amumasulire, wopanda manyazi. Popeza maso a Fortunato anali atayamba kuchita khungu, Wening anaganiza zoti pa tsiku lawo lobadwa, mu Febuluwale, adzakhale pambali pawo n'kuwawerengera nyuzi yonse. Ankati munthu wofuna kumva nkhani sanganamizire kugontha.

Mu Januwale Fortunato anagwa kubafa. Anakhala kuchipatala masabata atatu, ndipo anabwerako atafa ziwalo mbali ya kumanja. Chipwitikizi chonse chija chinapita. Chitetumu chinapitanso. Chinatsala ndi Chimakasai chokha, cha kumapiri kwathu ku Baguia, chimene amayi athu ankatilankhula tili ana. Nkhondo nayo inafufutika m'mutu mwake, ndende, Abilio, zonse. Ankafunsa ngati mbuzi zalowa m'khola, ankafunsa kuti amayi abwera liti kuchokera kumunda. Aderito Chimakasai sachidziwa. Pakhomo ponse womumva ndinali ine ndekha.

Ine msana unatha kale, Aderito amapita kuntchito, ndiye womusambitsa, womutembenuza ndi womudyetsa anali Wening. Tsiku lobadwa lija litafika, anatengabe nyuzipepala n'kukhala pambali pa bedi. Anawerenga tsamba lonse loyamba, bwinobwino, osaphonya. Fortunato ankangoyang'ana kudenga monga munthu amamvera mvula. Wening anapinda nyuziyo mosamala n'kukatenga phala.

Ali mkati momudyetsa, Fortunato anasiya kumeza. Anamuyang'ana nthawi yaitali kumaso, koyamba chifikireni mtsikanayo pakhomo pano. Kenako anandiitana m'Chimakasai.

"Judite, mtsikana uyu ndi wa kwa yani?"

"Ndi mkazi wa mwana wanu, achimwene."

"Kwawo n'kuti?"

Ndinazengereza. Koma ndakalamba, mabodza sindiwathanso. "Ndi wa ku Java, kutsidya kwa nyanja."

"Kutali chonsecho?" Anatambasula dzanja lamoyo lija n'kugwira mkono wa Wening. Tsopano ankalankhula ndi iye mwini, osati ine. "Mwana wanga, wayenda ulendo wautali. Akupatsa chakudya anthu amenewa? Khala pansi udye."

Wening anandiyang'ana, supuni ili m'mwamba.

"Azakhali, akuti chiyani?"

Ndinamuuza zonse, liwu ndi liwu. Sanalire nthawi yomweyo. Anakhala pansi pamkeka, mkono wake ukadali m'dzanja la apongozi ake, n'kuseka kaphwete kotopa.

"Zaka zinayi, azakhali," anatero. "Zaka zinayi, ndipo ndikufunikabe wondimasulira."

Fortunato anamugwedeza mkono, akudikira yankho. Wening anapukuta m'maso ndi phewa.

"Ndiuzeni msanga asanaiwale. M'chilankhulo chawochi, 'ndadya, bambo' amati bwanji?"