Pamene sanadzalepo paini

Sukulu ndinalekera Fomu 2. Ndanena poyambirira kuti wina asavutike kundikumbutsa, chifukwa kwathu sachedwa kutero. Chilekereni sukulu ndimasenza matabwa m'phiri la Dedza, kuchokera pamene achekera kukafika pamene lole imaima. Pamisonkhano ya banja ntchito yanga ndi kunyamula mabenchi.

Msonkhano umene ndikuukumbukawu unali wa mtanda. Amalume awo a amayi anga, amene ife timangowatcha agogo, maso anali atayamba kuchita mdima. Anati asanathe kuona akufuna akaike mtanda wa simenti pamanda a mayi awo. Mayiwo anamwalira agogo ali aang'ono, mudzi wathu ukadali m'phiri. Pambuyo pake anthu anasamuka, m'phirimo munadzalidwa paini, njira zakale zinatsekeka, ndipo palibe amene anabwererako. Ife tinabadwira kuno kufupi ndi Bembeke. Za mudzi wakalewo tinkangomva.

Ntchito yofufuza anaipereka kwa msuweni wanga wa ku Lilongwe, mwini digiri. Sindimuchotsera, anayamba bwino. Anapita kuparishi, anapempha kuona kaundula wa ubatizo, napeza dzina la agogo ndi dzina la mudzi umene anabadwira. Dzinalo analilemba pa mapu a m'foni, foni inaloza mudzi wina mbali ya ku Mayani. Tinapita ndi agogo. Mudzi unalipodi, manda analiponso.

Agogo anaima, kutembenuka uku ndi uku, kununkhiza mphepo.

"Madzi ali kuti?" anafunsa. "Kwathu tinkagona tikumva madzi."

"Mitsinje imauma, agogo," anatero msuweni. "Mapu sanama."

Titabwerako, pamsonkhano wa banja anagwirizana zoti mtandawo akauimika m'mphepete mwa manda amenewo. Ine chinandiwawa. Ndinaika benchi pansi n'kulankhula.

"Asuweni, mudzi ukasamuka dzina limapita ndi anthu. Awa anatenga dzina, ife tinatenga lina. Foni yanuyo yakulozerani kumene dzina linafikira, osati kumene linachokera."

"Iwe, jogalafe unalekera tsamba liti?" anatero msuweni.

Anthu anaseka, ngakhale amayi anga. N'chisuweni, sukwiya pagulu. Koma ndinakwiya. Jogalafe ndi phunziro lokhalo limene ndinkakhoza, ndipo palibe anafunsapo.

M'mawa mwake ndinakakhala pakhonde la agogo. Ine nkhani zazitali sindizipirira, choncho ndinawauza kuti za mayina a azakhali awo asiye, andiuze za nthaka basi. Anati kumunsi kwa mudzi kunkakumana timitsinje tiwiri, kena kakang'ono. Popita kotunga madzi m'mamawa dzuwa linkawathobwa m'maso. Kuseri kwa nyumba kunali thanthwe lalikulu loyanikapo mphale. Kumanda ankawoloka kamtsinje kakang'onoko. Ndipo bambo awo anabzala nkhadze kumutu kwa manda a mayiwo n'kuikapo mphero yawo, mwala umene ankaperera mawere, wobenthuka mbali imodzi.

Pali mkulu wina amene anali kapitawo wa odzala mitengo m'phirimo, pano anapuma ndipo amanola macheka athu. Ndinkadziwa kuti ali ndi mapu akale a ntchito yawo, amawasunga m'paipi ya pulasitiki kudenga. Ndinawapempha.

"Ufuna ukabe mitengo pati?" anandifunsa.

"Ndikufuna akufa, bambo. Amoyo anditopetsa."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anatsitsa paipiyo. Mapuwo anali achikasu, ong'ambika m'mapindiro, onunkha utsi. Phiri lonse analidula m'zigawo zokhala ndi manambala, chigawo chilichonse chopakidwa mtundu kusonyeza kuti chinadzalidwa. Mayina a midzi panalibe ngakhale limodzi. Ndinatsala pang'ono kuwapinda n'kubweza. Koma ndinaona timadontho toyera pakati pa zigawo zopakazo, tina ngati njere ya nyemba.

"Apa penti inatha?"

"Apo sitinadzale. Pena ndi miyala, pena ndi lowe. Koma pena anyamata anakana kugwetsa mitengo. Iwe ungadule mtengo wa kumanda? Bwana ankakalipa, ife n'kumangozungulira, ndipo wojambula mapu ankangosiya poyera."

Apo m'pamene mutu wanga unatseguka. Mudzi sunalembedwe, koma manda anadzilemba okha.

Ndinayala mapuwo pansi, ndinatsamiza miyala m'makona. Ndinakumbukira zimene ndinaphunzira: mizere yokhotakhota ikathithikana ndiye kuti pamenepo m'potsetsereka, ikatalikirana m'pachidikha pomangika nyumba. Dzuwa lothobwa m'maso m'mamawa linandiuza kuti madzi anali kum'mawa kwa mudzi. Ndinatsata mitsinje ndi chala kufuna pamene iwiri ikukumana, chidikha chili kumadzulo kwake, kadontho koyera kali tsidya la kamtsinje kakang'ono. Malo otere ndinapeza atatu. Mtunda ndinayeza ndi ulusi umene ndinasolola ku thumba la feteleza. Kapitawo anakana kuti mapu atuluke m'nyumba, ndiye ndinajambula pa pepala la kope la mlongo wanga.

Malo oyamba ndinapita Loweruka. Anali miyala yokhayokha, ndi anyani. Achiwiri anali lowe, ndinatitimira mpaka m'mawondo, nsapato imodzi inatsala momwemo. Ndinabwerera ndikutukwana phiri, mapu, msuweni ndi ine ndemwe. Kunyumba anali atayamba kale kuumba mtanda. Amayi anandiyang'ana kumapazi n'kunena kuti, "Wasowa chochita eti?"

Achitatu ndinapita patapita masiku anayi, mvula yamawawa ikugwa. Pansi pa paini pamakhala zii, popanda udzu, popanda mbalame, masamba ake onga masingano okhaokha oterera. Ndinayamba kumva madzi ndisanawaone. Ndinatsikira pokumanira timitsinjeto, ndinakwera chakumadzulo, ndipo ndinapunthwa pa thanthwe lokwiririka ndi masinganowo. Ndinapalasa ndi phazi. Linali lalikulu, losalala. Ndinatsikanso, ndinawoloka kamtsinje kakang'ono. Paini anathera pomwepo ngati wadulidwa ndi mpeni. Kutsogolo kwanga kunali masuku, mombo, mitengo yakale yopiringizana ndi zilambe, ndipo mkati ndinaona nkhadze zitatalika kuposa nyumba.

Sindinalowe. Kumanda munthu salowa yekha ngati akulowa m'munda. Ndinavula chipewa, ndinaima pang'ono, ndinabwerera.

Kunyumba sindinachite mwambo. Ndinangoti, "Ndawapeza. Amene akufuna tiyeni."

Msuweni anati pafoni pake pamalopo pakungooneka zobiriwira. Ndinamuuza kuti aisunge m'thumba ingagwere m'madzi.

Tinapempha chilolezo kwa oyang'anira nkhalango, tinadziwitsa akuluakulu a mudzi, tinanyamuka. Agogo tinawakweza panjinga mpaka pamene msewu wa malole unathera. Kuchokera apo ndinawabereka kumsana. Munthu wosenza matabwa aawisi, agogo n'chiyani? Msuweni ankabwera m'mbuyo akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Tisanafike n'komwe agogo anandigwira khutu.

"Ima. Ukumva?"

"Ndi madzi, agogo. Ndinakuuzani."

"Usandiyankhe mwano pakwathu," anatero.

Pathanthwe anandiuza kuti ndiwatsitse. Anagwada, anasisita mwalawo ndi manja onse awiri. Titawoloka, akuluakulu analowa poyamba, ife pambuyo. Mitumbira inali itaphwa kale, nkhadze zinali zambiri, ndipo ndinadzifunsa: bwanji mphero ikapanda kupezeka? Tinafukula masamba ndi manja pansi pa nkhadze iliyonse. Anaipeza ndi amayi anga, pansi pa yachinayi, itamira theka m'dothi. Agogo anayendetsa chala m'mphepete mwake mpaka chinafika pobenthuka paja.

"Ndinabenthula ndine," anatero. "Anandikwapula."

Anaseka, kenaka analira.

Mtanda tinauimika sabata yotsatira. Ndinausenza ndine, msuweni analankhula. Anati banja lathu linachita kafukufuku wozama. Ndinamusiya, anali atavala jekete. Potsika agogo anakana kugwiridwa ndi wina aliyense.

"Aliyense apite," anatero. "Andibereke wa mapuyu."

Maso awo anatheratu chaka chomwecho. Kapitawo anandilola kulemba kamtanda ka pensulo pa kadontho koyera kaja, kakang'ono, kuti ndisaononge mapu ake. Masiku ena ntchito imandidutsitsa chapafupi. Ndimatula thabwa, ndimavula chipewa, ndimasuzumira ngati mtanda uli chiimire. Uli chiimire.