Mawailesi Oikiza a ku Mayani

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, munthu wa ku Mayani amene wailesi yake yasiya kulankhula ankadziwa kolowera. Pakhonde la sitolo ya mayi Munira, moyang'anana ndi msika, panali tebulo lopendekeka, mbaula, ndi a Gervazio Chilinda atawerama. Magetsi sanawadalirepo. Chitsulo chowotcherera ankachitenthetsa pamakala, n'kuchiyandikiza kutsaya kuti amve ngati chatentha mokwanira, kenaka n'kusungunulira mtovu pamene waya waduka. Tsaya lawo lakumanja linali ndi kachipsera ka tsiku lina limene anachiyandikiza mopitirira.

Kwawo kunali kufupi ndi Chimbiya. Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata kwa bulaza wina wa kumishoni amene ankakonza zokuzira mawu za m'tchalitchi. Atakwatira a Kristina, anachita monga mwa mwambo wa makolo: anasamukira kumudzi kwa mkazi wawo, kuseri kwa msika wa Mayani, kumene anamanga nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda zitatu monga mkamwini.

Kusunga zinthu zakale sanakuyambe mwadala. Mafoni atabwera ndi wailesi m'mimba mwawo, anthu anayamba kusiya mawailesi awo patebulo paja osabweranso. Ena ankanena poyera kuti, "Tengani, achimwene, kunyumba ikungodya malo." A Gervazio ankakonza chilichonse n'kupita nacho kwawo. Pakutha pa zaka, chipinda chachitatu chinadzaza. Munali galamafoni yopukusa ndi dzanja, mawailesi a mabokosi a thabwa, wailesi ya makaseti awiri imene wina anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndi kanema wa zithunzi zakuda ndi zoyera. Munalinso kamakina ka magemu kolumikiza pa kanema, kamene anapatsidwa ndi mphunzitsi wina posamuka. Koma mfumu ya zonse inali kompyuta yaikulu imene ofesi ina ku Boma inataya itasanduka yachikasu. Anaikonza kwa miyezi isanu ndi iwiri, opanda buku, mpaka tsiku lina zilembo zobiriwira zinaoneka pagalasi. Zonse pamodzi zinali makumi anayi ndi zitatu, ndipo panalibe ngakhale chimodzi chakufa.

Kusunga makina ku mapiri a Dedza si ntchito yaing'ono. Chifunga cha kuno chimalowa ngakhale m'bokosi lotseka, ndipo chinyezi chikagona pawaya chimabala dzimbiri. Choncho Loweruka lililonse dzuwa likawala, a Gervazio ankayala mphasa pabwalo n'kutulutsa katundu yense. Ankapukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku, n'kuyatsa chilichonse kwa kanthawi ndi batire ya galimoto kuti chitenthe m'kati. Ntchitoyi ankaigwira okha. Ngakhale a Kristina sankaloledwa kunyamula kanthu.

"Akazi anzanga aja mwawaotheza dzuwa kale?" ankatero a Kristina akuchokera kudimba. "Inetu chikwatiwireni simunandipukutepo ndi nthenga."

Ambiri m'mudzimo ankati bamboyu amasunga zinyalala, ndipo mawu awo si oyenera kuwataya msanga, pakuti chipinda chimene mukadakhala matumba a chimanga chinali chodzaza ndi zinthu zosadyedwa. Komabe tiyenera kufunsa kuti chinyalala n'chiyani. Ngati n'chinthu chimene chasiya kugwira ntchito, m'chipindamo munalibe chinyalala. Ngati n'chinthu chimene eni ake atopa nacho, ndiye kuti mlandu uli pa kutopa kwathu, osati pa chinthucho. Timadandaula kuti ana athu amangodziwa kugula, sadziwa kukonza, pamene munthu amene ankasonyeza kuti chinthu chingakhale moyo zaka makumi asanu tinkamuseka.

A Kristina anamwalira mu Juni, m'nyengo yozizira kwambiri, atadwala chifuwa kwa milungu itatu. Maliro anapita, anthu anameta, ndipo mu Sepitembala abale a malemu anasonkhana kuti asudzule a Gervazio, kutanthauza kuwamasula kuti abwerere kwawo. Wolankhula anali a Vinsenti, mchimwene wa a Kristina, mlimi wa mbatata ya kachewere, munthu wamawu aakulu koma wosasunga mangawa.

"Alamu, palibe amene akukuthamangitsani," anatero a Vinsenti, chipewa chili pabondo. "Mwakhala nafe bwino. Koma mwambo mukuudziwa. Nyumbayi alowemo mdzukulu wathu ndi ana ake mvula isanagwe, pakuti yake ikudontha ngati sefa."

"Ndamva, alamu. Nanga katundu uja?"

"Azikazi anu aja? Atengeni onse, sitinawakwatire ife."

Anthu anaseka, nawonso a Gervazio anamwetulira, koma m'mutu anali akuyeza kale kachipinda kamene mlongo wawo anawakonzera ku Chimbiya. Munkakwana bedi ndi njinga. Anaimbira mwana wawo Alile, namwino wa ku Boma.

"Ababa, ine ndimachita lendi chipinda chimodzi," anayankha Alile. "Ndikaika kanema wanu uja ndizigona pati? Inuyo mawondo akukupwetekani. Zisiyeni zipite, mupume."

Mbiri itamveka, kunabwera munthu wogula zitsulo zakutha, sikelo ili pakaliyala wa njinga yake. A Gervazio, atatopa ndi kuganiza, anamuonetsa wailesi imodzi ya thabwa. Munthuyo sanafunse ngati imalira. Anatulutsa hamala m'thumba, n'kufotokoza mwaulemu kuti thabwa saligula, amangofuna mkuwa wa m'kati. A Gervazio anamulanda wailesiyo n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Nzeru inachokera kwa mayi Munira, tsiku limene a Gervazio anapita kukatsanzika ndi kuchotsa tebulo lawo pakhonde.

"Bambo Chilinda, munthu akakhala ndi mbuzi koma alibe khola amatani?"

"Amaikiza kwa anzake."

"Nanga inu mukuvutikiranji? Mudzi wonsewu munaukonzera mawailesi. Ikizani. Ineyo ndipatseni ya makaseti ija."

Kwa masiku asanu ndi limodzi a Gervazio anakankha wilibala khomo ndi khomo. Anthu analandira, ena mwachifundo, ena chifukwa chochita manyazi kukana munthu woferedwa. Pakhomo lililonse ankasiya lamulo limodzi, ndipo ankalinena kawiri: "Muiike pamalo otetezeka. Wina asaikhudze, wina asaiyatse, mpaka ndidzabwere." Za dzuwa la Loweruka sanauze munthu. Ankaopa manja a eni ake kuposa chifunga, komanso ankaganiza kuti azibwera mwezi ndi mwezi kudzagwira okha ntchitoyo. Kompyuta anaisiya kwa a Vinsenti, chifukwa ndiwo okha anali ndi chipinda cha simenti chokhoma ndi loko.

Sanabwere mwezi wotsatira, ngakhale winawo. Mvula inagwa yambiri, njira zinaterera, ndipo mawondo anatupa mwakuti kukwera njinga kunakanika. Ku Chimbiya ntchito inali yochepa, matochi ndi mawailesi ang'onoang'ono a sola basi. Masana ankakhala pakhonde la mlongo wawo akuyang'ana maminibasi pamsewu waukulu ndi amayi othamangira magalimoto ndi mabeseni a tomato. Loweruka likafika manja ankasowa chogwira.

Anakwera njinga mu Epulo, mvula itakata. Ananyamuka m'mawa, batire yaing'ono ndi zida zili pakaliyala, ndipo zitunda zambiri anazikwera akukankha. Ku Mayani anafika dzuwa litapendeka, n'kuyamba kuyendera makomo tsiku lotsatira.

Palibe amene anagulitsa kanthu, ndipo zimenezi ziyenera kunenedwa, pakuti ambiri amafulumira kunena kuti anthu a masiku ano alibe chilungamo. Pafupifupi aliyense anasunga lamulo ndendende. Pakhomo loyamba anatulutsa wailesi kunsi kwa bedi, yokulungidwa m'pulasitiki imene inasunga chinyezi chonse cha dzinja. Sinalire. Pakhomo lachiwiri inali m'sutikesi, ndipo mphemvu zinali zitamangamo mudzi. Kanema uja makoswe anamudya mawaya. Galamafoni inapulumuka, popeza mulibe waya wodyedwa. A Gervazio ankatsegula chilichonse, kuyang'ana, kutseka, n'kuthokoza mwininyumba. Pofika masana anasiya kulumikiza batire, chifukwa fungo lokha linkawauza.

Kwa a Vinsenti anafika tsiku lachitatu. Mlamu wawo anawalandira ndi chimwemwe chenicheni, kiyi ali pachingwe m'khosi.

"Alamu! Mwaonda bwanji, kodi ku Chimbiya sakuphikirani? Bwerani muone mkazi wanu wamkulu. Ndamusunga ngati diso. Ngakhale mayi a kunyumba sanalowemo."

Anatsegula chitseko. Fungo lobaya m'mphuno linatuluka. Kompyuta inali pakati pa matumba a feteleza, yofunditsidwa bwino ndi matumba ena otha a feteleza yemweyo. Kwa mlimi wa kachewere palibe malo aulemu kuposa amenewo, pakuti ndimo mumakhala chuma chake chonse. Koma feteleza amakoka madzi a mumpweya n'kutuluka thukuta la mchere, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuposa mvula.

A Gervazio anaitulutsa pabwalo n'kumasula zomangira, zimene zinkafumbutuka m'manja. M'kati monse munali mobiriwira ngati mwala wa m'mtsinje. Anakhudza ndi chala, tizitsulo tinagwa ngati mapira.

"Yatani?" anafunsa a Vinsenti, mawu atatsika. "Sindinaikhudzetu ine. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa, alamu. Ndi fetelezayu."

"Feteleza? Nanga bwanji simunanene?"

A Gervazio anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Sindinanene," anatero. "Inu munasunga zimene ndinakuuzani. Zimene sindinakuuzeni ndi zimene zaipha."

A Vinsenti anavula chipewa ngati pamaliro, kenaka anaona kuti zapitirira, anachivalanso. "Sizingakonzeke?"

"Maso amene anaikonza aja kulibenso."

Kwa mayi Munira anapita komalizira, osayembekezera kanthu. Asanafike pakhonde anamva nyimbo za kwaya ya amayi achisilamu zikutuluka m'sitolo. Wailesi ya makaseti ija inali pashelefu pakati pa sopo ndi shuga, chotsekera chimodzi chitathyoka, batani lina atalimanga ndi mphira.

"Ndinakulakwirani, bambo Chilinda," anatero mayiwo asanapereke n'komwe moni. "Ndinapirira sabata imodzi. Koma chinthu chili ndi pakamwa, chizingondiyang'ana? Ndimaiyatsa tsiku ndi tsiku. Ngati mukufuna kukalipa, kalipani, tiyi ali pamoto."

Sanakalipe. Anakhala pabenchi n'kumvetsera mpaka kaseti inatha. Atawerenga bwino, zamoyo zinatsala zisanu ndi zinayi. Kupatula galamafoni, zonsezo zinali m'manja mwa anthu amene anaphwanya lamulo lawo. Kamakina ka magemu kanali kwa mayi wina wogulitsa mandasi, amene ankasewera yekha pa kanema wake akamaliza kukazinga. Kanali ndi mafuta paliponse, koma kankagwira ntchito.

M'mawa mwake anabwereka wilibala ya a Vinsenti n'kusonkhanitsa zakufa zonse. Anachotsamo tizida tochepa timene tingathandize zotsalazo, n'kutiika m'chitini. Zina zonse anatumiza uthenga kwa wogula zitsulo uja kuti adzatenge, koma anapempha kuti hamala akaigwiritsire ntchito kutali ndi mudzi.

Kenaka anayenderanso makomo asanu ndi anayi aja, akutsimphina. Ulendo uno sanasiye lamulo. Pakhomo lililonse ankakhala pansi n'kuonetsa mwini wake mochotsera mabatire, mopukutira fumbi, ndi nthawi yoyenera kutulutsa chinthucho padzuwa. Ankawapatsa kuti ayese okha, ndipo manja awo akamagwira molakwika, a Gervazio ankaluma mlomo n'kuyang'ana kumbali. Galamafoni anaisamutsira kwa a Vinsenti, amene poyamba anakana kwamtuwagalu.

"Ine ndinapha kale mmodzi, alamu. Mukufuna ndiphe wachiwiri?"

"Iyi ndi yolimba ngati inu nomwe. Muziipukusa Lamulungu lililonse mukachoka kutchalitchi. Koma kuchipinda kuja isayandikire."

"Nanga inu mudzabwera liti kudzaona?"

A Gervazio anayang'ana njinga yawo, n'kuyang'ana chitunda cha njira ya ku Chimbiya.

"Musandidikire," anatero. "Ikadzavuta, munditumizire uthenga. Ndikadzalephera kubwera, mudzaitsegule nokha."

Anamanga chitini chija pakaliyala, n'kuyamba kukankha njinga.