Mlamba wa m'dziwe la abambo

Kuseri kwa nyumba yathu ku Nathenje, kumene munda umatsetserekera kudambo, abambo anakumba dziwe la nsomba. Amayi sankalifuna ngakhale pang'ono. Ankalitcha chithaphwi cha udzudzu, ndipo ankadandaula kuti gaga wa nkhuku zawo akuthera kudyetsa zinthu zosaoneka.

Chaka chimene achemwali anga aakulu anapeza banja, abambo analonjeza kuti alendo a pachinkhoswe, ochokera ku Mitundu, adzadya makumba a m'dziwe lawo. Ankanena zimenezi paliponse, kutchalitchi ndi kumsika komwe. Koma chinkhoswe chitayandikira, nsomba zinasiya kubwera pamwamba tikawaza gaga. Madzi anali atabiriwira, ndere zili yakata, udzu utalowerera m'mbali monse. Abambo anati dziwe lachita uve, tiliphwetse, tilikonze, tione zimene zatsalamo.

Inali nyengo yotentha. Tinatsegula ngalande m'mawa, madzi n'kumatsikira kudambo pang'onopang'ono. Ine ndi mlongo wanga tinalowamo ndi ndowa, abambo ndi fosholo. Matope ake anali ofunda, onunkha ngati mazira owola, ndipo ankatimeza mpaka m'maondo. Mbululu zinkatitekenya m'zala za kumapazi, achule akudumphira m'ndowa mwathu ngati tawaitana. Makumba amene tinatola n'kuika m'beseni anali ochepa zomvetsa chisoni. Abambo anapitiriza kufosholera matope, thukuta lili kamukamu.

Kenako matope anagwedezeka pakona. Panatuluka chimutu chakuda chophwatalala, ndevu zili nyang'anyang'a. Unali mlamba wonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, umene unalowa ndi madzi a mvula n'kumadya nsomba zathu mwakachetechete. Abambo anaudumphira, unawapulumuka. Mlongo wanga anaugwira kumchira, unamumenya mbama, iye chagada. Unalowa m'ngalande, ulendo wa kudambo.

Nthawi yomweyo amayi ankachokera kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi, atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera. Anaima pamwamba pa ngalande, manja m'chiuno.

"Wadya gaga wanga ndi ameneyu?" anafunsa.

"Ndi yemweyo, mayi a Nachisale! Akuthawa!" anakuwa abambo.

Sanavule n'komwe nsapato. Anamasula chitenje, nachiponya pa mlambawo, iwo n'kuukhalira pamwamba, khathi! Matope anawathovukira mpaka kumaso. Titathamangira kukawathandiza, tinawapeza akuseka mpaka misozi, mlamba ukuphiriphitha pansi pawo.

Tinamaliza kukokolola matope, kumweta udzu ndi kumata m'mbali momwe munagumuka. Mlambawo tinauwamba, ndipo pachinkhoswe unakwanira akuluakulu onse a kuchimuna. Abambo anawauza mosaphethira kuti anauweta dala. Amayi anangowayang'ana. Kuyambira pamenepo gaga ankakawaza okha, ati pofuna kuona amene akumudya.

Lero dziwelo akulisamala ndi mlongo wanga. Anayala pulasitiki pansi, anaika sefa pakhomo pa madzi, ndipo akafuna kuliphwetsa amangoliza pampu, dzuwa lisanakwere ntchito yatha. Ana ake amaonerera ali chapatali, zovala zili mbee. Amayi, amene tsopano amayendera ndodo, amawatengera mpando pamthunzi wa nthochi. Amayang'ana madzi oyerawo nthawi yaitali, kenako amapukusa mutu, amvekere, "Nsomba yogwidwa ndi munthu wosada ingakome bwanji?"