Kampira ka Maso ka Abambo

Ndikamva fungo la koko, ndimakumbukira khitchini ya hotela ku Makokola, komwe amayi ankagwira ntchito titathawa nkhondo ku Mozambiki. Tsiku lina ndinawapeza akuumba timipira ta chokoleti ndi mabisiketi osinja, kalikonse n'kukamata diso loyera.

"Simuika pamoto, amayi?"

"Izi saphika, mwanangu. N'za phwando la mizukwa la azunguwa."

Kwathu chakudya chosaphika inali nsembe ya akufa. Ndinabisa kamodzi n'kukasiya patsinde pa mlambe, kuti adye abambo, amene tinawasiya ku Mozambiki osawaika m'manda. M'mawa mwake panatsala diso lokha, likundiyang'ana.

Lero ndikudziwa kuti zinali nyerere. Koma amayi nditawauza sanaseke. Anangonong'ona kuti, "Basi atilondola. Afika."